Maluwa a ku Southerton m'mbale ya agogo

Mwezi wa Okutobala ukafika, mzinda wa Harare umavala maluwa apepo a jakaranda. Ojambula zithunzi ambiri amathamangira m'misewu ya pakati pa mzinda, kumene mitengoyi inabzalidwa m'mizere. Ine ndinalowera kummwera chakumadzulo, ku Southerton, dera la mafakitale loyandikana ndi Mbare, Lochinvar ndi Rugare.

Cholinga changa chinali kutola maluwa ogwa, kuwayala m'mbale n'kuwajambula, monga amachitira amisiri ojambula zipatso zili patebulo. Koma duwa la jakaranda silidikira munthu. Ukalitola m'mawa, pofika masana lafota, ndipo logwera m'mbali mwa msewu limakhala litamwa kale fumbi la malole. Kuwala kokoma n'kwa m'mamawa, pakhonde, dzuwa lisanakwere.

Mbale ndinabwereka kwa agogo ena okhala kumapeto kwa kamsewu kena, yachitsulo, yonyotsoka m'milomo. Atandimva ndikuyankha foni m'Chichewa, anasiya tsache.

"Mwanangu, kwanu n'kuti?"

Bambo awo anachoka ku Dedza m'nthawi ya Chitaganya, chimene chinayamba mu 1953, nakalambira pa ntchito yosamala maluwa m'nyumba za azungu mu Salisbury. Agogowa anabadwira konkuno ndipo Dedza sanamuonepo, komabe chitupa chawo chinkanena kuti ndi mlendo. Lamulo la unzika litasintha mu 2001, ana ambiri a matchona anapezeka kuti alibe kwawo, ngakhale ufulu wovota unawachoka. Malamulo aakulu a dziko a mu 2013 ndiwo anabwezera unzika kwa obadwira m'Zimbabwe amene makolo awo anachokera m'maiko a SADC, naikanso Chichewa pakati pa zilankhulo 16 zovomerezeka. Ine, amene ntchito yanga n'kulemba malipoti a zoterezi, ndinali ndisanagwirepo chitupa chotere m'manja.

Ndinawauza kuti jakaranda nayenso ndi mtchona, kwawo n'ku South America. Anaseka mpaka kutsamira chitseko.

"Nanga iyeyu anam'funsapo chitupa ndani?"

Zithunzi zanga anaziyang'ana mwaulemu, koma sizinawagwire mtima. Duwa losadyeka, kwa iwo, ndi zinyalala zosesa. Anandilozera kadimba kouma kuseri kwa nyumba, kumene amabzala maungu mvula ikagwa.

"Udzabwere mu Januwale udzajambule chiluwe. Koma udzalawirire, ndisanathyole ndiwo."