Malire a 2,147,483,647

Ntchito yanga ndi yolemba mapulogalamu a kompyuta osunga mabuku a ndalama: a magolosale, a ma SACCO, nthawi zina a sukulu. Wachinyamata aliyense wobwera kudzaphunzira ntchitoyi kwa ine ndimayamba ndamuloweza pamtima nambala imodzi: 2,147,483,647.

Kompyuta posunga nambala yathunthu kawirikawiri imaipatsa timipata 32, kalikonse kotenga 0 kapena 1. Kamodzi kamasonyeza ngati nambalayo ili pamwamba kapena pansi pa ziro. Totsala 31 tikadzaza ma 1 okhaokha, ndiye kuti mwafika pa 2,147,483,647. Kungowonjezapo 1, m'mapulogalamu ambiri nambala imasefukira n'kukatulukira ku −2,147,483,648.

Wina anganene kuti mabiliyoni awiri sadzawagwirapo. Komatu ife ndalama timaziwerenga m'matambala, poti nambala za madesimo zimataya tizidutswa pophatikiza. Ndiye malirewo amathera pa K21,474,836.47 basi. Kale golosale inkatha zaka osafikapo. Chigwereni kwacha ndi 44 peresenti mu November 2023, wogulitsa simenti ndi malata amapyola pamenepo mwezi usanathe. Ndinaitanidwapo pashopu ina, bwana atatupa, kalaliki akunjenjemera pakona, chifukwa malonda a mweziwo anaoneka ngati ngongole. "Achimwene, tandiuzani, wadya zingati ameneyu?" Sanadye ngakhale tambala. Wolemba pulogalamuyo ndiye anaumira timipata. Ndinasintha kuti tikhale 64, nkhani n'kuthera pomwepo.

Manambala a foni nawonso amakola osadziwa. Mukawasunga ngati nambala yowerengera, ziro woyamba amasowa. Mukaikako 265 kutsogolo, manambala 12 sakwanamo, ndipo mapulogalamu ena amangolemba 2147483647 pa dzina la aliyense. Nambala ya foni siiphatikizidwa, choncho imasungidwa ngati mawu.

Chimene chimandikoma n'chakuti nambala yomweyi akatswiri a masamu anaidziwa kompyuta kulibe. Ndi nambala ya prime: palibe ina yoigawa popanda chotsala kupatula 1 ndi iyo yomwe. Ili m'gulu la manambala a Mersenne, opezeka pochulukitsa 2 kangapo n'kuchotsapo 1; iyi ndi ma 2 okwana 31, ndipo ndi yachisanu ndi chitatu mwa ma prime a gululi. Nayenso 31 ndi wa banja lomwelo, poti ndi 32 kuchotsapo 1. Leonhard Euler anatsimikiza mu 1772 kuti 2,147,483,647 siigawika, maso ake atachita kale khungu, ali ku Saint Petersburg. Sanayese nambala iliyonse mpaka 46,340, pamene pakathera manambala ofunika kuyesa. Anaonetsa kuti yoigawa iyenera kusiya 1 kapena 63 ikagawidwa ndi 248, n'kuyesa zokhazo. Ine kumeneko ndiye ndimati kudziwa ntchito: kuchepetsa thukuta usanayambe. Kusagawika kwa nambalayi n'kumene kunachititsa akatswiri a kompyuta Park ndi Miller mu 1988 kuigwiritsa ntchito, limodzi ndi 16,807, popanga manambala ooneka ngati amwayi.

Chikundidetsa nkhawa panopa ndi nthawi. Makina ambiri akale amawerenga masekondi kuchokera pa 1 January 1970, ndipo adzafika pamalirewa pa 19 January 2038, kenako n'kubwerera ku December 1901. Zikuoneka patali, koma ngongole ya nyumba ya zaka 15 yotengedwa mu 2024 ikukathera mu 2039. Ndiye SACCO ikandiitana masiku ano, ndisanaone china chilichonse, ndimalowetsa ngongole yoyesera ya zaka 20 n'kuona deti limene litulukepo.