Nambala ndi mpando wake

Mwamuna wa Chichewa akakhala kwa mkazi wake ndi mkamwini: amalima, amamanga nkhokwe, koma pa milandu ya eni mudzi amangomvetsera. Akabwerera kwawo, yemweyo ndi mwinimbumba, ndipo alongo ake sangagamule za ukwati wa mwana iye asanayankhule. Nkhope ndi yomweyo, chasintha ndi pamene wakhala.

Manambala nawo amatero. Mu 555 muli ma 5 atatu ofanana maonekedwe, ndipo aliyense payekha ndi zisanu basi. Koma wa kumanzere akuimira mazana asanu, wapakati makumi asanu, wa kumanja zisanu zokha. Dzina la nambala silisintha, pomwe mphamvu yake imachokera ku mpando umene yakhalapo, ndipo ziwirizi ndi zimene ana amasokoneza m'kalasi.

Chichewa sichibisa mpandowo. Wonena kuti "makumi asanu" watchula kale zonse ziwiri, mpando ndi wokhalapo, pomwe Chingerezi chinazimata pamodzi mu "fifty" moti khumi silimvekamo bwino. Mgwirizano wa mawu nawo umalondolera: a- wa "asanu" akutsatira makumi kapena mazana, zi- wa "zikwi zisanu" akutsatira zikwi. Onena kuti chinenerochi sichingasenze masamu ayenera kuti sanamvepo agogo akuwerenga matumba a chimanga.

Vuto limadza polemba. Mwana akamva "zana limodzi ndi zisanu" amatha kulemba 1005, ndiye kuti 100 yense kenako 5 pambali pake. Iye walemba mokhulupirika zimene khutu lamva. Chimene sanauzidwe n'chakuti ziro ndi mlonda wosunga mpando wopanda mwini, ndipo 5 akafika, mlonda wa kumapetoyo amanyamuka, kusiya 105. Pakamwa mpando wa makumi umangodumphidwa, koma papepala umafuna woukhalira. Mlondayu anachedwa kufika m'maiko ambiri. Aroma analibe chilembo chake. Brahmagupta wa ku India analemba malamulo owerengera ndi ziro mu 628, ndipo manambalawa anadzera kwa Aluya asanafalitsidwe ku Ulaya ndi buku la Fibonacci la mu 1202.

Anyanja ambiri phunziroli analiphunzira m'thumba. Pa 1 Januwale 2013 Zambia inachotsa maziro atatu pa kwacha, K50,000 n'kusanduka K50. Mozambique inachita zomwezo ndi metical mu 2006. Uku 5 anatsika mipando itatu koma mtengo wa ufa unatsika naye limodzi, choncho wodziwa kuwerenga sanataye kanthu. Woopsezedwa anali wogulitsa mbuzi amene sanadziwe ngati mtengo ukunenedwawo ndi wa ndalama yakale kapena yatsopano. Ku Zimbabwe alondawo anachuluka mpaka kusowa chochita. Anachotsa atatu mu 2006, khumi mu 2008, ena 12 mu 2009, ndipo ndalama yapepala ya 100 thililiyoni, 1 wotsatidwa ndi maziro 14, inatuluka mu Januwale 2009 n'kusiya kugwira ntchito chaka chomwecho chisanathe.