Nambala Inapita ku Foni ya Munthu Amene Ndinamulakwila

M'caka ca 2023 ndinasankhidwa kukhala mlembi wa gulu lathu la acinyamata ku Kabwata. Mlembi wakale, amene ndinamunena pamsonkhano kuti sasunga bwino mabuku, anabweletsa laputopu ya mpingo. Iye ali pomwepo ndinasintha pasiwedi, nditaphimba ndi dzanja ngati mwana wa sukulu pamayeso. Ndinasankha dzina la buku la m'Baibulo ndi nambala ya vesi. Atandilangiza kuti ndiilembe papepala, ndinangoseka.

Miyezi iwili inapita osaitsegula. Ndiye Lacinai lina, kutatsala tsiku limodzi kuti tipite ku msonkhano wa makwaya ku Chipata, msungicuma anali kundiyembekeza pa Intercity kuti agule matikiti. Maina a onse amene analipila ndalama za basi anali m'kompyuta imeneyo. Ndinalemba pasiwedi, inakana. Ndinayesa Salimo, ndinayesa Masalimo, cilembo cacikulu, cilembo cacing'ono. Ndinayang'ana ngati Caps Lock yayaka. Ayi ndithu. Thukuta linayamba kutsika.

Ndinathamangila kwa wokonza makompyuta pafupi ndi msika wa Town Centre. Iye anati njila yacidule ndi kufufuta zonse ndi kuikamo Windows yatsopano. Maina aja akanapita onse! Koma mnzake anayang'anitsitsa nati, "Iyi ili pa akaunti ya Microsoft. Ilumikizeni ku intaneti, musankhe polembedwa kuti mwaiwala pasiwedi. Adzatumiza nambala yacinsinsi ku foni imene inalembetsedwa."

Tinacita zimenezo. Pagalasi panaoneka manambala omaliza a foniyo, ndipo mtima wanga unagunda. Inali foni ya mlembi wakale. Pasiwedi ndinasintha, koma za foni sindinaganizeko.

Ndinaima nthawi yaitali pakhomo la sitoloyo. Kunena zoona, ndinalingalila zongouza msungicuma kuti kompyuta yafa. Potsiliza ndinaimba.

"Asisi, ndine. Ndavutika."

Anakhala cete pang'ono. Kumbuyo kwao kunali kumveka phokoso la maminibasi a ku Chelstone. Kenako anati, "Uthenga wafika. Lemba." Anawelenga manambalawo mmodzimmodzi, ndipo kompyuta inatseguka. Madzulo omwewo pasiwedi yatsopano ndinailemba papepala, ndinaika mu emvulopu ndi kupeleka kwa abusa.

Lacisanu m'mawa tinakhala pampando umodzi m'basi. Mau opepesa anandikanika kucokela pa Intercity mpaka kudutsa Chongwe. Anatuluka pa Luangwa Bridge, pamene asisi anali kugula nsomba zouma. Iwo anangonyema nsomba imodzi pakati ndi kundipatsa mbali ya kumutu.