Nkhulungo ndi Simenti

Kale amayi a ku Phalombe ankazira nyumba zawo ndi dothi lakuda la kudambo, ndipo likayamba kuuma ankalikulungiza ndi mwala wosalala wotchedwa nkhulungo. Mayi wodziwa ntchito sankafulumira, pakuti pa dothi lonyowa kwambiri mwala umangoterereka.

Masiku ano ambiri afuna pansi pa simenti. Bambo wina wa ku Migowi anagulitsa nandolo wake yense nagula matumba a simenti. Mmisiri anasakaniza simentiyo ndi mchenga wa kumtsinje, nayala bwino ndi thabwa lowongoka, kenaka anakhala pansi kudikira kuti madzi a pamwamba aphwe. Mwini nyumba anakwiya nati, "Kodi ndikulipirani kuti muzingokhala?" Poopa mkangano, mmisiri anatenga chitsulo chake chosalazira nayamba kusalaza simenti isanagwire. Atatha anapempha kuti azithirapo madzi masiku 7, koma banjalo linalowamo m'mawa mwake, osathira ngakhale dontho.

Isanathe miyezi itatu pamwamba panayamba kufumbutuka, ndipo m'ming'alu munadzaza utitiri woluma ana pamphasa usiku. Kuti pakonzeke panafunika makina operera simenti okhala ndi mano a dayamondi, ochita kubwereka ku Blantyre, koma ndalama zinali zitatha.

Simenti imalimba pomwa madzi pang'onopang'ono, ndipo omanga amawerenga masiku 28 kuti mphamvu zake zikwane. Tsono chitsulo cha mmisiri chimvera lamulo lomwe lija la nkhulungo ya amayi. Akuluakulu sananame ponena kuti kuona maso a nkhono n'kudekha.