Injini Ili Kumbuyo

Chithunzicho chinalowa m'nyumba mwathu ku Ndirande chili chopindapinda m'thumba la ovolosi ya achimwene. Anachithothola m'magazini yakale yomwe kasitomala wina anaiwala pa galaja pomwe ankaphunzira ntchito. Ine ndinali mu Sitandade 4. Anachiwongola ndi chikhatho n'kuchimata pakhoma ndi nsima yotsala, chakumutu kwa mphasa yomwe tinkagonapo awiri. Inali galimoto yofiira, yaifupi, ya nyali ziwiri zobulungira ngati maso a chule, msana wake wotsetsereka mpaka kumchira. Pansi pake panalembedwa kuti Porsche 911 Carrera.

"Uyang'ane bwino," anatero achimwene. "Injini yake ili pati?"

Ndinaloza kutsogolo, paboneti, monga mwana aliyense akanachitira.

"Walemba m'madzi. Pamenepo m'poika zikwama. Injini ili kumbuyo, kuseri kwa matayala."

Masiku amenewo anyamata a m'dera lathu tinkapanga magalimoto a mawaya. Ambiri ankapanga malole ndi mabasi, chifukwa ndiwo ankatidutsa tsiku ndi tsiku. Achimwene anandipangira ya pachithunzi ija. Matayala ake anali zivindikiro za zitini za polishi zokulunga ndi malegeni, ndipo kumbuyo anamangirirako kachitini kodzaza timiyala kuti kakhale injini. Ndikathamanga nayo, timiyala tinkalira tcheketcheke. Vuto linali pokhota: ndikapotoza chiwongolero mwamphamvu, mchira unkathawira kumbali, galimoto n'kugwa chagada. Anzanga ankaseka kuti ndi yolakwika. Nditakadandaula, achimwene anangoti, "Yeniyeninso imatero ukapanda kuidziwa."

Bambo athu atamwalira, achimwene anasiya sukulu ali Fomu 2. Amandiposa ndi zaka zisanu ndi zitatu. Fizi yanga yonse ya ku sekondale inachokera pansi pa magalimoto a anthu, ndipo ngakhale nditapita ku Chancellor College ku Zomba, ndalama ya sopo ndi makope inkabwera itadetsedwa ndi gilisi m'makona. Ndinaphunzira zinenero, kenako ndinakachita digiri yachiwiri, ndipo lero ndimadya za kumasulira mabuku ndi zikalata. Iwo adakali makaniko. Nkhani imeneyi sitinaikambepo, ngakhale kamodzi. Tikakumana timakamba za mvula, za ana awo, za mtengo wa mafuta, ndi za galimoto ya pakhoma ija.

Zonse zomwe ndinkadziwa za 911 ndinazimva kwa iwo. Ndiwo anandiuza kuti inaonetsedwa koyamba ku Frankfurt m'chaka cha 1963 ikutchedwa 901, koma a Peugeot anati mayina a manambala atatu okhala ndi ziro pakati ndi awo, ndiye ziro uja anangomusandutsa wani. Ndiwo anandiuza kuti yemwe anajambula maonekedwe ake, Ferdinand Alexander Porsche, anali mdzukulu wa Ferdinand Porsche, mkulu yemwe anakonza Volkswagen Beetle. Beetle anaigwirapo kangapo, ndipo ankati ndiye agogo ake a 911: nayonso injini ili kumbuyo, masilinda ake anagona chopingasa m'malo moimirira, ndipo simwa madzi chifukwa imazizira ndi mphepo ya fani. Kusiyana kwake n'koti Beetle ili ndi masilinda anayi, 911 asanu ndi imodzi. Atamva kuti kuyambira cha m'ma 1998 ma 911 atsopano akuzizira ndi madzi ngati galimoto ina iliyonse, anakhumudwa ngati wachibale wasintha mpingo.

Koma m'manja mwawo mwadutsa ma Corolla, ma Hiace a minibasi, ma Probox ndi ma Sienta ochokera ku Japan. 911 sanaionepo ndi maso.

Ine ndinaiona mwangozi. Chaka chatha ndinali ku Johannesburg milungu iwiri, tikumalizitsa mabuku a ana omwe ankamasuliridwa m'zinenero zingapo za kuno kummwera. Mkonzi wathu, mayi wachikulire wa imvi mbuu, anatiitana kunyumba kwake kukadya chakudya chamadzulo. Chitseko cha galaja chinali chotsekula theka, ndipo mumdimamo ndinaona msana wotsetsereka uja. Ndinaima pakati pa bwalo nditanyamula mbale ya saladi. Mayiyo anandipeza pompo. Nditawafotokozera za chithunzi ndi mawaya, anaseka, kenako anasiya kuseka n'kundifunsa ngati ndimatha galimoto ya magiya. Ndinati achimwene anandiphunzitsira pa pikapu yakale yopanda sitata. "Ndiye mubwere Lamulungu m'mamawa," anatero.

Yawoyo inali ya 1995, yasiliva osati yofiira, ya mtundu womaliza wozizira ndi mphepo womwe okonda magalimotowa amautcha 993. Choyamba kundidabwitsa chinali kuchepa kwake. Pakhoma lathu inkaoneka ngati ingadzaze msewu wonse, koma apa denga lake linkandilekeza m'chifuwa, ndipo titalowa mapewa athu anatsala pang'ono kugundana. M'kati munkanunkhira chikopa chakale ndi oyilo wotentha, fungo la ovolosi ya achimwene ndithu. Kiyi amalowera kumbali ya chitseko. Kuseri kwa chiwongolero kuli mawotchi asanu, ndipo wamkulu wa pakati sasonyeza liwiro la galimoto koma kuzungulira kwa injini. Zopondera zonse zitatu zimachokera pansi, sizilendewera kuchokera kumwamba ngati za magalimoto omwe ndinazolowera.

Ndinaizimitsa kawiri tisanatuluke pageti. Kachitatu phazi linakumbukira zomwe linaphunzira pa pikapu, ndipo tinanyamuka.

Mayiyo anandiletsa kudutsitsa singano pa 3,000 mpaka oyilo atatentha. Anati injini imeneyi imanyamula oyilo woposa malita khumi, chifukwa popanda madzi oyiloyo ndiye amathandiza fani kuchotsa kutentha. Choncho kwa mphindi makumi awiri ndinayendetsa galimoto ya maloto anga ngati ndikuperekeza maliro, tikudutsa nyumba za mipanda ya magetsi, kulowera kumpoto chakumadzulo ku damu la Hartbeespoort. Ngakhale pa liwiro lochepalo, chiwongolero chinkandiuza chilichonse chomwe matayala akutsogolo akuponda: kamwala, mng'alu wa phula, utoto wa mzere woyera. Kutsogoloko kulibe cholemera, ndiye chiwongolero chimakhala chopepuka ndi chamoyo m'manja. Ndipo phokoso lonse linkachokera kumbuyo kwa makutu anga. Galimoto zina zimakukoka. Iyi imakukankha pamsana.

Titafika pamsewu wowongoka wopanda anthu, mayiyo anayang'ana wotchi ya oyilo, n'kutenga foni yanga kuti ajambule mawu. "Giya yachiwiri," anatero. "Pondani mpaka pansi, ndipo musachotse ndisanakuuzeni."

Ntchito yanga ndi kupeza mawu, ndipo Chichewa sichisowa mawu otsanzira kulira kwa zinthu. Tili ndi phuu, tili ndi gugugu, tili ndi tswii. Ndayesa onsewa ndipo palibe lokwana. Pansipansi injini inkang'ung'udza ngati munthu wokwiya yemwe sanayambe kuyankhula, fani ikuimba kamluzu pamwamba pake. Singano itadutsa 4,000 mawuwo anasintha, anauma, anakwera, ndipo mpando unandimenya kumsana. Mitengo ya m'mbali inasanduka mpanda umodzi. Singano isanafike pofiira tinali tikuyandikira makilomita 100 pa ola, tikadali m'giya yachiwiri, magiya ena anayi akudikira. Mabuku amati injini ya malita 3.6 imeneyi ili ndi mphamvu za akavalo 272, ndipo imachoka poima kufika pa 100 m'masekondi osakwana asanu ndi limodzi. Mayiyo anati ku Johannesburg, komwe kuli pamtunda wa mamita oposa 1,700, mpweya ndi wopepuka ndipo akavalo ena amatsalira kunyanja. Sindinawasowe. Ndinapezeka ndikuseka mokweza, kuseka kwa mwana, maso ali ndi misozi.

Chakumapiri a Magaliesberg msewu unayamba kukhotakhota. Pakhona ina ndinalowa mothamanga kuposa momwe mtima wanga unkalolera, ndipo ndili pakati mantha anandichotsa phazi pamoto. Nthawi yomweyo ndinamva kumbuyo kukupepuka, mchira ukusuntha pang'ono ngati ukufuna kudzaona zakutsogolo. Kunali kusuntha kwa kanthawi kochepa kwambiri, mwina theka lake kunali m'mimba mwanga momwe, chifukwa pa mtundu uwu akatswiri anali ataweta kale khalidwe lomwe linkaopsa anthu pa ma 911 akale. Komabe ndinachizindikira. Chinali chitini cha timiyala chija.

"Buleki musanalowe," anatero mayiyo mosatekeseka. "Mukalowa, phazi likhale pamoto, pang'onopang'ono. Kulemera kwake kuli kumbuyo. Mukakupatsa ntchito kumakugwirirani pansi, mukakusiya kumakutembenukirani."

Pakhona yotsatira ndinachita momwe ananenera. Galimoto inakhala pansi kumbuyo ngati nyalugwe wofuna kudumpha, n'kutuluka mowongoka bwinobwino. Kwa zaka zoposa makumi awiri ndinkakonda maonekedwe a chinthu choima pakhoma. Apa m'pamene ndinadziwa kuti chimene achimwene ankakonda chinali china: nzeru ya anthu omwe anaika injini pamalo pomwe aliyense amati m'polakwika, n'kukana kuichotsapo, n'kutha zaka ndi zaka akuphunzira kukhala nayo.

Pobwerera tinaima pomwetsera mafuta. Anyamata awiri a yunifolomu ankacheza pafupi ndi pampu, ndipo ndinamva Chichewa cha kunyanja, cha ku Mangochi. Ku Joni zimenezi sizidabwitsa. Abale athu ali m'minda ya maluwa, m'makhitchini ndi pamapampu a mzinda wonsewo. Ndinapereka moni wakwathu. Mmodzi anabwera akumwetulira, nathira mafuta kutsogolo, pamwamba pa tayala, pomwe pali kamwa la thanki.

"Ndione madzi ndi oyilo, achimwene?"

"Madzi simwa imeneyi," ndinatero, ndipo ndinamva kunyada m'mawu anga.

Anaizungulira, nasuzumira m'kati, nayang'ana mayiyo, nayang'ananso ine. "Koma ndi yanu?"

Yankho linali lapafupi, koma linachedwa kutuluka. Kwa kamphindi ndinafuna kuti mnyamatayo apite kukagona usiku umenewo akukhulupirira kuti mnzake wa ku Ndirande ali ndi Porsche. Kenako ndinati, "Ayi, ndi ya amayiwa. Angondibwereka."

"Komabe mwaigwira," anatero, akupukuta galasi lomwe linali loyera kale. "Ife timangozimwetsa."

Anandiitana kuti achimwene, monga timaitanirana tonse kunja kuno, koma liwulo linanditsatira mpaka kunyumba yogona alendo. Ndinakhala pabedi ndi foni m'manja. Munali mawu a injini a masekondi makumi anayi, ndi zithunzi khumi ndi ziwiri. Sindinatumize. Ndinaona ngati kudya nyama pamaso pa munthu yemwe anakugulira mbale. Manja omwe ankayenera kugwira chiwongolero chija ndi omwe anathyoka zikhadabo kuti anga akhale osalala, ogwira cholembera. Munthu wodziwa chifukwa chomwe oyilo wa injini imeneyi amayezedwa injiniyo ikulira, yemwe akanamva ndi khutu lokha ngati valavu imodzi yamasuka, anali pansi pa minibasi ku Ndirande, ndipo ine woizimitsa kawiri pageti ndi amene ndinakhala pampando. Masiku atatu ndinkalemba uthenga n'kufufuta.

Lachitatu usiku ndinangotumiza mawuwo pa WhatsApp, popanda kulemba chilichonse. Sipanathe mphindi zisanu foni inalira.

"Iwe," anatero achimwene, osapereka n'komwe moni. "Imeneyi ndi ya mphepo. Fani ndikuimva. Waipeza kuti?"

Ndinafotokoza mwachidule, ndikudikira kuti mawu awo asinthe. Sanasinthe, kapena ngati anasintha anabisa bwino kuposa momwe ine ndikanathera.

"Mwini wakeyo amaisamala, injini ili bwino kwambiri. Koma woyendetsayo ndiye wandichititsa manyazi. Polowa yachitatu wachedwa, ndipo kalachi ukuikwera. Ndinakuphunzitsa choncho ine?"

Tinayankhula mpaka mayunitsi awo anatha, ine n'kuimbanso. Anafunsa ngati kalachi ndi yolimba, ngati giya imalowa mosavuta oyilo asanatenthe, ngati kutentha kwa injini kumafika m'kati. Nditawauza za pakhona paja anaseka mpaka kutsokomola. "Sindinakuuze? Unkati ndakupangira yolakwika!" Anati mawa akawamvetsera anyamata a pa galaja, aone ngati pali yemwe angadziwe kuti masilinda ndi angati.

Kenako anati, "Tumiza zithunzi za injiniyo. Ndione momwe lamba wa fani wadutsira."

Ndinatsegula zithunzi zija chimodzichimodzi. Ine nditatsamira chitseko. Ine nditagwira chiwongolero. Ine kutsogolo kwa boneti, damu lili kumbuyo. Pa zonse khumi ndi ziwiri panalibe ngakhale chimodzi cha injini. Tsiku lonse lija sindinapemphe n'komwe kuti atsegule chivindikiro chakumbuyo.

"Mawa, achimwene," ndinatero.

M'mawa mwake, tisanayambe ntchito ya mabuku, ndinapita kwa mayi mkonzi ndi pempho lachiwiri, lomwe linandivuta kuposa loyamba. Madzulo ake ndinagwada pa simenti ya galaja yawo nditavala buluku la kuofesi, iwo atandiunikira ndi tochi, achimwene ali pa foni akulamula kuchokera ku Ndirande: tsitsa pang'ono, pita kumanzere, ayi kumanzere kwako, gona pansi ujambule cham'munsi.