Ulendo wa ku Maravia: ana awiri, chifuwa chimodzi

Wofuna kupita ku Maravia kuchokera mumzinda wa Tete amawoloka mtsinje wa Zambezi nalondola msewu waukulu wopita ku malire a Zambia pa Cassacatiza. Akafika pa Bene amausiya msewuwo nakhotera kumadzulo. Kutentha kwa ku Tete kumatsalira m'mbuyo pamodzi ndi milambe yake, ndipo njira imakwera m'mapiri, m'nkhalango za mombo ndi masuku, kufikira pa Fingoé, likulu la bomali. Ndi mtunda woposa makilomita 200, koma eni dziko amauwerenga ndi maola, ndipo maolawo amachuluka mvula ikayamba.

Maravia achita malire ndi Zambia kumpoto, Zumbo kumadzulo, Chifunde kummawa ndi nyanja ya Cahora Bassa kummwera. Dzina lakelo ndi la makolo athu Amaravi, kotero mlendo wochokera ku Dedza kapena ku Katete sasowa womasulira, pakuti pamsika pamamveka Chichewa ndi Chinsenga. Dziko ili linaona nkhondo ziwiri, ya ufulu imene inafika m'chigawo cha Tete mu 1968, ndi yapachiweniweni imene inatha mu 1992. Akuluakulu ambiri amakumbukirabe zaka zimene anakhala ku Zambia ngati othawa nkhondo. Damu la Cahora Bassa linatha kumangidwa mu 1974, ndipo magetsi ake ochuluka amapita ku South Africa, pamene midzi yambiri ya kumtunda kuno imaunikira tochi ndi timasola. Taitchula mfundo ya magetsiyi chifukwa ikhudza ana amene tikufuna kunena za iwo.

Tinapita kumeneko m'nyengo yozizira kukayendera mipingo, ife pamodzi ndi akulu a mpingo awiri. Pamudzi wina wa cha kumpoto kwa Fingoé tinapeza bambo wachinyamata ali yekha pakhomo ndi ana atatu, chimanga chili mulu pabwalo chosalowa m'nkhokwe. Mayi wa pakhomopo anali atachira masabata awiri m'mbuyomo, mimba isanathe miyezi isanu ndi itatu, ndipo ana anali mapasa, wamwamuna ndi wamkazi. Matenda atayamba usiku, anamukweza pa njinga yamoto kupita ku chipatala chaching'ono, ndipo kumeneko anaona kuti anawo ndi ochepa kwambiri, aliyense wosafika makilogalamu awiri. Anawatumiza ku Fingoé, ndipo poona kuti wamkaziyo akupuma movutika, anawapititsanso ndi ambulansi ku chipatala chachikulu cha chigawo ku Tete. Agogo a anawo, amayi ake a mayiyo, anakwera nawo ndi chitenje chimodzi ndi kapoto.

"Abusa," anatero bamboyo, "ana anga sindinawaone nkhope. Ndikapita ku Tete, awa ndiwasiyira yani? Ndikakhala, kumeneko adya chiyani?"

Mwana amatchedwa wobadwa masiku asanakwane akabadwa mimba isanafike masabata 37. Bungwe loona za umoyo padziko lonse la WHO linawerengera kuti m'chaka cha 2020 ana otere anabadwa pafupifupi 13.4 miliyoni, ndiko kuti mwana mmodzi mwa khumi alionse, ndipo mapasa ndiwo amafulumira kawirikawiri koposa. Khanda lotere lili ndi adani anayi. Lilibe mafuta m'thupi, tsono limazizidwa msanga ngakhale m'nyumba imene wamkulu akumva kutentha. Mapapo ake ndi osakhwima. Silidziwa bwino kuyamwa ndi kumeza, ndipo kachirombo kamene mwana wamkulu sangakamve nkomwe kangathe kulipha. Zitatu mwa izi manja a anthu angathe kuthandizapo, koma ya mapapo ifuna mpweya wa okosijeni ndi makina, ndipo makina afuna magetsi osazima. Ndicho chifukwa chake ulendo wa ana awa unathera ku Tete.

Pobwerera tinapatukira ku chipatalako titanyamula ufa, nyemba ndi nkhuku ziwiri zimene mpingo wa kumudzi unasonkha. M'chipinda cha makanda odwala, chimene kumeneko amachitcha berçário, mlendo salowamo chisawawa, ndipo nkoyenera kutero. Tinaima panja. Mayi anatiuza kuti mwana wamkazi ali m'kabokosi kagalasi kofunditsa, ndi timapaipi ta mpweya m'mphuno, ndipo mkaka amaulandira kudzera m'kapaipi kena kofika m'mimba. Iye amadzikama m'kapu maola awiri kapena atatu alionse, usana ndi usiku. Wamwamuna anali atatuluka kale m'kabokosi ndipo anali pachifuwa pa mayi ake, m'kati mwa chitenje, kamutu kokha kovala chipewa kakuoneka.

Kasungidwe aka m'Chipwitikizi amakatcha mãe canguru. Mwana amavala thewera, chipewa ndi masokosi basi, namangidwa choimirira pakati pa mabere, khungu lake litakhudzana ndi khungu la womunyamulayo. Njirayi inayamba mu 1978 ku Bogotá, m'dziko la Colombia, pamene dokotala Edgar Rey anaona kuti mabokosi ofunditsa sakukwanira ana onse. Poyamba ambiri ankaiyesa njira ya osauka. Koma kafukufuku amene anachitika ku Malawi, Tanzania, Ghana, Nigeria ndi India, nafalitsidwa mu 2021, anapeza kuti pakati pa makanda olemera kuyambira kilogalamu imodzi mpaka 1.8, imfa zinachepa ndi pafupifupi gawo limodzi mwa magawo anayi pamene anawaika pachifuwa atangobadwa, osadikira kuti ayambe alimba. Mu November 2022 bungwe la WHO linalangiza kuti ana ambiri otere aziyamba kufungatiridwa chomwechi nthawi yomweyo, kwa maola 8 mpaka 24 pa tsiku, ndi kuti bambo kapena wachibale wina angathe kulandizana ndi mayi.

Apa ndi pamene mapasa amavutira. Mayi ali ndi chifuwa chimodzi. Angathe kuwamanga onse awiri kwa kanthawi, koma ayeneranso kusamba, kudya, kudzikama, kugona, ndi kupita kukaona amene watsala m'kabokosi. Agogo aja ndiwo anasanduka chifuwa chachiwiri. Tinawapeza ali ndi maso ofiira ndi tulo, mayi wa zaka zoposa makumi asanu, amene chibadwire anali asanafikepo mumzinda wa Tete. Chipwitikizi sachimva, Chinyungwe cha mumzindamo amachitola mawu amodziamodzi, nkhuni zimene kwawo amangotola kuseri kwa nyumba kuno ndi makala ogula.

"Abusa," anatero akuseka, "ine ndinabereka asanu ndi awiri, onse ndinaberekera kumsana. Lero pa ukalamba wanga andiphunzitsa kuberekera kutsogolo."

Pali zina za kwathu zimene tiyenera kuzinena poyera. Mwa mwambo wathu khanda limakhala m'chikuta mpaka mchombo utagwa, ndipo limayesedwa lozizira, losayenera kukhudzidwa ndi munthu wotentha kuopa tsempho. M'mwambowu munali nzeru, pakuti unkaletsa chikhamu cha anthu kupatsirana khanda m'manja, ndipo anamwino a lero amaletsanso zomwezo, naonjezapo kusamba m'manja ndi sopo. Koma mwambo womwewo umamuika bambo kutali pa nthawi imene chifuwa chake chikufunika. Tinakambirana za ichi ndi amalume a mayiyo, amene ndiwo mwini mbumba, ndipo sanavomere msanga. Anati ayamba amva maganizo a amayi aakulu a pamudzi.

China ndi cholemera koposa. Khanda likamwalira lisanatuluke m'chikuta, amati ndi mtayo. Amayi okha ndiwo amakaliika, mwakachetechete, popanda kulira mokweza. Chifukwa cha ichi mudzi umazengereza kuwerengera ana otere ngati anthu, ndipo anthu amati tiyeni tiyambe taona. Pamudzi paja masabata awiri anatha popanda wosonkha kanthu. Sikuti anthuwo ndi ouma mtima, pakuti tikuwadziwa kuti pakagwa maliro ufa ndi nkhuni zimafika dzuwa lisanalowe. Anali kudikira kuti amve ngati anawo akhala. Ife tiona kuti kudikira kumeneko ndi kolakwika, chifukwa masabata amene mudzi ukudikirawo ndi omwewo amene mayi wosadya bwino mkaka umamuchepera.

Titafotokoza izi pa msonkhano wa akulu a mpingo, zinthu zinayenda mofulumira kuposa mmene tinkaganizira. Amayi a chigwirizano anagawana masiku ophikira ana atatu aja. Achinyamata anatola chimanga nachilowetsa m'nkhokwe tsiku limodzi. Mpingo wina wa mumzinda wa Tete unapeza amayi awiri odziwa Chichewa ndi Chipwitikizi, oti azipita ndi chakudya ndi kumasulira zimene anamwino akunena. Ndalama ya ulendo wa bambo inasonkhedwa, ina mu metical, ina mu kwacha ya ku Zambia, monga zimakhalira m'midzi ya m'malire.

Tinanenanso kwa amayi oyembekezera a m'mipingo imeneyo kuti sikelo aziyamba msanga, ndipo amene wauzidwa kuti ali ndi mapasa asadikire matenda kumudzi, koma apite nthawi ilipo kukakhala ku nyumba yodikirira ya pafupi ndi chipatala. Mayi akafika mwana asanabadwe, madokotala angathe kumubaya jakisoni wothandiza kukhwimitsa mapapo a mwanayo, ndipo mwana amayenda ulendo wautaliwo ali m'mimba yofunda, osati m'chitenje pa njinga yamoto usiku wa July.

Uthenga umene tinalandira pambuyo pake unati mwana wamkazi anachotsedwa pa mpweya ndipo wayamba kumwa mkaka wa m'kapu. Atatuluka m'chipatala sanapite kumudzi. Mkulu wina wa mpingo pa Fingoé anawapatsa chipinda m'nyumba mwake, kuti akhale pafupi ndi sikelo kufikira ana onse awiri atafika makilogalamu awiri ndi theka, ndipo chiyembekezo nchakuti akafike kwawo mitsinje isanadzaze. Amayi aakulu a kumudzi anayankha kuti bambo angathe kumunyamula pachifuwa mwana wamwamuna, koma wamkaziyo akhale wa mayi ake ndi agogo. Anamwino atamva anati palibe chovuta, bola aliyense ali ndi pofunda pake. Maina anali asanawatche.