Loweruka pa bwalo la mpira ku Zolozolo

Mwezi wa July ku Mzuzu munthu amatuluka m'nyumba manja ali m'khwapa. Mzindawu unakhala pamtunda wa mapiri a Viphya, mamita oposa 1,200 kuchokera pa nyanja ya mchere, choncho nkhungu imagona m'madambo mpaka dzuwa litakwera ndithu. Ndinafika ku Zolozolo Loweruka lina 6 koloko isanakwane, nditakwera njinga yapalasa yonyamula anthu, imene kuno amaitchula kuti sakaramento. Mnyamata wondipalasayo ananditula m'mphepete mwa bwalo la mpira, nandiuza kuti ngati ndabwera kudzaona Zolozolo ndisatope ndi kuzungulira. Ndingokhala pomwepo, Zolozolo adutsa yekha.

Bwalolo ndi la dothi lofiira, udzu unatsala m'mbali mokha. Magolo ake ndi a mitengo ya bulugamu, ndipo mtanda wa golo limodzi unapindika pakati chifukwa ana amalendewerapo. Chimene ndinayamba kuona ndi kanjira kodula bwalolo kuchokera pa ngodya ina kukafika pa ngodya inzake, kosalala ngati kozira. Palibe anakalima, ndi mapazi a anthu opita kumsika.

Oyamba kudutsa anali amayi a kumadimba, mabeseni ali pamutu, zitenje zitanyowa ndi mame mpaka m'mawondo. Anasenza mpiru, repu, tomato ndi anyezi zothyola usiku womwewo m'madambo ozungulira. Pambuyo pawo panabwera abambo okankha njinga, aliyense matumba atatu a makala, thukuta lili kamukamu ngakhale kunja kunali chisanu choluma makutu. Makalawa amandiwawa mtima. Nkhalango ya Kaning'ina, imene imasunga madzi olowa m'damu la Lunyangwa kumene mzinda wonse umamwa, yakhala ikudandaulidwa kwa zaka zambiri kuti ikutha ndi nkhwangwa. Koma mayi amene alibe magetsi, ana ake akunjenjemera, sangaphike phala ndi madandaulo. Amagula kajumbo ka makala n'kukoleza mbaula.

"Mwawuka uli, adada?" anatero mayi wina pondidutsa. Ndinayankha ndi Chitumbuka changa cha mlendo kuti tawuka makora, ndipo iye anangoti "Yewo" osatembenuka, kuopa kutaya tomato. Chitumbuka ndicho mwini malo kuno. Koma pofika 8 koloko ndinali nditamva Chitonga cha ogulitsa nsomba ochokera ku Nkhata Bay, Chinkhonde cha ku Karonga, ndi Chichewa chimene anyamata amachisakaniza ndi zonsezi mosavutika.

Mlendo amafunsa msanga kuti kodi kuno ndi m'tauni kapena kumudzi. Pa mapepala a boma Zolozolo ndi mzinda, ali ndi mawodi awiri, Zolozolo East ndi Zolozolo West, ndi makhansala ake ku khonsolo ya Mzuzu. Koma mukasuzumira kuseri kwa nyumba za njerwa ndi malata mupeza mapesi a chimanga chokolola kumene, nthochi, khola la nkhuku, pena la nkhumba. Maliro akagwa uthenga umayamba wafika kwa mfumu kapena mkulu wa dera, monga kumudzi. Mukayenda pang'ono kutsikira kudambo, nyumba zimayamba kutalikirana, ndipo mumapezeka muli pa kamudzi ka mabanja ochepa, atambala akulira, mayi akusinja. Mzuzu ndi mzinda wamng'ono pa zaka. Unayamba kumapeto kwa zaka za m'ma 1940 pozungulira esiteti ya mitengo ya tung, ndipo unalandira ulemu wa mzinda mu 1985. Kalembera wa 1998 anapeza anthu pafupifupi 87,000, pamene wa 2018 anapeza oposa 221,000. Anthu onsewa anafuna pogona, ndipo madera ngati Zolozolo, Chiputula, Chibavi ndi Mchengautuwa ndiwo anawalandira. Tauni inabwera kudzapeza minda, n'kukhala pakati pake.

Ndinapita kumsika kukamwa tiyi. Za msika sindichulutsa, poti msika wa m'makomboni aliyense amaudziwa: usipa wa milumilu, ufa wa kondowole, mpunga wa Kilombero wonunkhira patali, chiwaya cha tchipisi chikuthetheka, njinga zamoto zikuimba mabelu pofuna njira. Ndinabwerera kubwalo msanga chifukwa ndinamva phokoso la ana.

Dzuwa litathamangitsa nkhungu, bwalo linali lagawidwa kale popanda wogawa. Pakati panali anyamata ang'onoang'ono ndi chikulunga chawo, mpira wa majumbo okulungiza n'kumanga ndi zingwe mwaluso moti umadunda. Magolo awo anali a njerwa ziwiriziwiri, ndipo masewero atatu osiyana ankachitika nthawi imodzi, mipira ikulowerana, koma aliyense akudziwa wake. Kuseri kwa golo atsikana ankasewera fulaye. Awiri amaima uku ndi uku kugenda ndi kampira, wapakati akuzinda, ndipo mpira ukapita patali iye amagwada msangamsanga kuthira mchenga m'botolo kuti alidzaze asanamulase. Ndinaona kamtsikana kena kakudumpha, kuwerama, kupotoza chiuno, maso ali pa manja a woponya, ndipo ndinadziwa kuti miyendo ya ntchemberembaye imayambira pamenepa. Pansi pa mtengo ang'onoang'ono ankasewera phada, kuponya mwala m'mwamba n'kukokolola ina m'kadzenje usanagwe. Ena ankalumpha jingo. Mnyamata wina anadutsa akuyendetsa galimoto ya mawaya ya matayala a zitsekerero za mabotolo, akulira ndi pakamwa ngati lole yokwera chitunda cha Chiweta.

Palibe analipira khomo. Palibe mphunzitsi kapena kholo limene linawaitana. Nyumba zambiri za lendi kuno ndi za chipinda chimodzi kapena ziwiri, zomangidwa mothinana, pakhomo pongokwana chingwe choyanikapo zovala. Mwana wa m'nyumba yotere akafuna kuthamanga mpaka kupuma wefuwefu, malo ake ndi ano okha.

Cha m'ma 12 koloko nyimbo inamveka kuchokera kumsewu. Inali sumu ya Chitumbuka, yoimbidwa mwapang'onopang'ono. Ku Zolozolo kuli manda amene anthu ambiri a mumzinda wa Mzuzu amaikidwako, choncho maliro sasowa m'misewu ya kuno. Patsogolo panali galimoto yonyamula bokosi, pambuyo lole yodzaza anamfedwa, amayi a mpingo a Umanyano atavala zoyera ndi zakuda. Zimene zinachitika pabwalo sindidzaziiwala. Mnyamata amene anali pafupi kugoletsa anawerama n'kunyamula chikulunga, kuchipana m'khwapa. Fulaye inaima, botolo lili theka. A sakaramento anatsika pa njinga zawo, abambo anavula zipewa. Panalibe wolamula. Ana a zaka zisanu ndi ziwiri anaima chilili mpaka nyimbo inazimirira, kenaka mpira unagwanso pansi. Mwambo wotere m'mizinda ina ukuchepa, magalimoto amapitirira maliro akuimba hutala. Ku Zolozolo mwana amauphunzira akusewera, poona zimene akulu akuchita m'mbali mwa bwalo lomwelo.

Masana dzuwa linafunda, ndipo akuluakulu anatulutsa bawo pansi pa mtengo. Thabwa lake linali lakuda ndi manja, mizere inayi ya maenje asanu ndi atatu, nkhomo 64. Osewera anali awiri koma alangizi anali khumi. Mkulu wina wa chipewa cha ubweya ankatakata mosafulumira, akuwerenga ndi maso, ndipo akadya nkhomo za mnzake ankaziwaza mwamphamvu kuti thabwa limveke. Pamenepo ndi pamene nkhani za dera zimaphikidwa: mtengo wa feteleza, msewu wokumbika ndi mvula, mnyamata wa uje amene wapita ku Joni. Mkulu wa chipewayo atamva kuti ndine mlendo anandiloza mtengo wa mango umene unali kuseri kwa mpanda wa njerwa, patali ndithu ndi golo. Anati ali mnyamata bwalo linkafika pamenepo.

Ndinapita kukaona. Kumbali imeneyo kunali maziko a nyumba yatsopano, mulu wa njerwa zootcha ndi mchenga, ndipo ngodya ya bwalo inali itadyedwa moti womenya kona amayenera kuyamba kuthamanga ali pakati pa njerwa. Amene anagulitsa malowo ndi amene anagula sindinawafunse maina. Mwina aliyense ali ndi pepala lake. Umu ndi mmene mabwalo amathera m'makomboni athu, sagwa tsiku limodzi. Chaka chino mpanda ulowa mapazi asanu, chaka chamawa wina amanga kagolosale, kenaka mpingo upempha kangodya, ndipo ana amene akubadwa lero adzapeza dzina lokha loti paja panali bwalo.

Nthawi ya 2 koloko atsikana a ntchemberembaye anaimika mitengo yawo iwiri ya mikombero yachitsulo kumbali ina. Ena anali ndi nsapato, ambiri anali chabe. Kuno kumpoto mtsikana woponya bwino amamutchula kuti Mwawi, potengera Mwawi Kumwenda wa ku Mzimba, amene anasankhidwa kukhala wosewera bwino koposa onse pa mpikisano wa dziko lonse wa 2015 ku Sydney. Ndipo masiku ano atsikana salekera pa mpira wa manja. Ndinaona awiri atalowa pakati pa anyamata pa chikulunga, akulanda mpira mopanda mantha. Amadziwa za Tabitha ndi Temwa Chawinga a ku Rumphi, boma loyandikana ndi Mzimba. Mu 2024 Temwa anamwetsa zigoli 20 mu ligi ya amayi ya ku America ali ku Kansas City Current, nasankhidwa kukhala wosewera wopambana wa chakacho, pamene Tabitha analowa timu ya Lyon ku France. Ana a kumpoto kuno akamva zimenezi amaona kuti dothi lofiira limene akupondali lingathe kufikitsa munthu kutali.

Mpira waukulu unayamba 3 koloko itapitirira. Anali matimu awiri a m'dera momwemo, ndipo ndalama zobetcherana anasungitsa kwa mkulu wina wodalirika amene anakhala pa mpando wake pafupi ndi mzere wapakati. Mizere anathira ndi phulusa. Timu ina inavala mayunifomu ofiira osuwa, inzake inangogwirizana kuti aliyense avale choyera. Wolowa m'malo mwa mnzake ankadikira kuti wotulukayo amuvulire nsapato. Anthu anazungulira bwalo lonse, ena atakwera pa mulu wa njerwa uja, amayi ogulitsa mandasi, nzimbe ndi chinangwa chophika akuyenda pakati pawo. Woimba wezulo anavutika, poti aliyense woonerera anali ndi malamulo ake.

Mpirawo unali wabwino kuposa mmene ndinkayembekezera. Panali mnyamata wina wamfupi wosewera pakati amene ankalandira mpira pa dothi losalingana ngati kuti wauitana, n'kuupereka asanauyang'ane. Pa bwalo la mabampu munthu amaphunzira kuweta mpira, apo ayi umamuchititsa manyazi. Matimu akuluakulu ngati Moyale Barracks sakolola osewera kumwamba, amachokera pa mabwalo ngati lino. Pakati pa chigawo chachiwiri gogo wina anafika pa kanjira kaja atasenza mtolo wa nkhuni. Anaima pang'ono, kenaka analowa. Wezulo inalira, osewera anamupatsa njira, iye anadutsa osafulumira mpaka kutsidya, mpira n'kupitirira. Chigoli chitalowa, ana onse a m'mbali anakhamukira m'bwalo akuchita chidudu, fumbi lili kobo, ndipo panatenga nthawi kuti awatulutse.

Dzuwa litapendekera ku Ekwendeni chisanu chinabwerera msanga. Utsi wa mbaula unayala pamwamba pa madenga. Opambana anapita akuimba, ogonja akukangana za penate. Anyamata ambiri analowera ku nyumba zoonetsa mpira wa pa kanema, ana anaitanidwa maina mmodzimmodzi kuchokera m'makomo. Pabwalo panatsala kwaya ya achinyamata ikukonzekera za m'mawa kutchalitchi, itaima mozungulira, ndi abambo awiri onenepa akuthamanga pang'onopang'ono kuzungulira magolo. Amayi a kumadimba aja anadutsanso pa kanjira kawo, mabeseni opanda kanthu ali m'manja, ndalama zili pa mfundo ya chitenje.

Kuyambira m'mawa mpaka mdima ndinaona anthu mazanamazana akugwiritsa ntchito malo amodzi omwewo, wina osalanda mnzake, ndipo palibe tambala ya pakhomo imene inalipidwa. Ndikupempha khonsolo ya mzinda wa Mzuzu, makhansala a mawodi awiri a Zolozolo, mafumu ndi makomiti a sukulu kuti ayeze mabwalo onse amene atsala, awalembe m'kaundula ngati malo a anthu onse, aike zizindikiro za simenti m'ngodya zake ndi kudzala mitengo m'malire. Inunso a ku Zolozolo, mukaona njerwa zikutsitsidwa m'mphepete mwa bwalo, pitani kwa mfumu tsiku lomwelo maziko asanakumbidwe.